Usiku woonera nyenyezi pa Kamwendo: mapulaneti achilendowo simukawaona ndi diso, komabe pitani

Amene mwakhala mukufunsa za aphunzitsi a sayansi aja amene akuonetsa anthu nyenyezi pa telesikopu kufupi ndi pa Kamwendo ku Mchinji, ine ndapitako ndipo yankho langa ndi loti pitani, koma mupite mukudziwa chomwe mukukalipira. Kapepala kamene kakuzungulira pa WhatsApp kali ndi zithunzi za mapulaneti amitundumitundu, ina yabuluu ina yofiira psuu, nde anthu ambiri akumaganiza kuti akakaika diso pa chubu chija akaona zimenezozo. Ayi ndithu. Pulaneti yozungulira nyenyezi ina simukaiona olo imodzi, ndipo eniakewo amanena zimenezi poyera koyambirira penipeni anthu asanakhazikike. Zithunzi zijazi ndi zojambula pa kompyuta, anthu amangoyerekeza mmene malowo angaonekere. Chomwe mukaone ndi nyenyezi zenizenizo zimene mapulanetiwo akuzungulira, ndipo chomwe mukamve ndi mmene akatswiri anadziwira kuti aliko. Kwa ine gawo lachiwirili ndi limene linakwanira ndalama yanga.

Amachita Loweruka usiku nyengo yopanda mvula, makamaka masabata amene mwezi kulibe, pabwalo la kunyumba kwawo komwe kuli kotalikirako ndi magetsi a pa trading. Akuluakulu timalipira K2,000, ana a sukulu K500. Zida zake si zambiri: telesikopu yachubu chonenepa chokhala ndi galasi pansi mkati, mumasuzumira cha m'mbali kumtunda kwake, laputopu, kapulojekita kakang'ono kowalitsa pa nsalu yoyera yomangirira pakhoma, ndi batire ya sola. Amayamba ndi kufotokoza, kenako mzere wa pa telesikopu, mafunso kumapeto.

Kufotokozako ndiye kumene ndikufuna ndikhalepo pang'ono chifukwa aphunzitsiwa amadziwa ntchito yawo. Anayatsa babu imodzi pamtengo chapatali, anazimitsa china chilichonse, kenako anatenga njere ya mtedza yobaya pa waya nkumaidutsitsa kutsogolo kwa babuyo pang'onopang'ono. Anatifunsa ngati tikuiona njereyo, tonse ayi. Anafunsanso ngati kuwala kwasintha, ana ena akutsogolo anati kwachepako pang'ono. Nde iwo amvekere basi ndi momwemo, mapulaneti ambiri amene tikuwadziwa anapezeka chonchi, palibe anawaona koma makina anayeza kuti nyenyezi yakuti ikumazilala pang'ono nkubwereranso, kuzilala nkubwereranso, pa nthawi yofanana ndendende, ndiye kuti pali chinthu chikudutsa kutsogolo kwake. Pulaneti yaikulu ngati Jupiter ikadutsa kutsogolo kwa nyenyezi yonga dzuwa lathu imachotsa pafupifupi 1 peresenti yokha ya kuwalako, yaing'ono ngati dziko lathuli nde imachotsa kachinthu kochepetsetsa. Telesikopu ya Kepler imene NASA, bungwe la zamlengalenga la ku America, inatumiza mumlengalenga mu 2009 inkangoyang'ana chigawo chimodzi cha thambo kwa zaka, nyenyezi zoposa 100,000 nthawi imodzi, ndipo pomwe inkasiya ntchito mu 2018 inali itapeza mapulaneti oposa 2,600.

Njira yachiwiri anaionetsa ndi anthu. Anaitana mnyamata wina wathupi ndi kamwana kakang'ono, anawauza agwirane manja onse awiri azizungulira. Kamwanako kankathamanga kuzungulira bwalo lalikulu koma mnyamata ujanso sanaime njii, ankadendekera uku ndi uku. Nyenyezi nayonso imatero, pulaneti ikamaizungulira imaikoka pang'ono nde imagwedera, ndipo kugwederako kumaoneka mu kuwala kwake. Umu ndi mmene Michel Mayor ndi Didier Queloz a ku Geneva anapezera 51 Pegasi b mu 1995, pulaneti yoyamba kupezeka ikuzungulira nyenyezi yofanana ndi dzuwa lathu. Chodabwitsa chake chinali choti ndi chimpulaneti champweya, kulemera kwake pafupifupi theka la Jupiter, koma chili pafupi kwambiri ndi nyenyezi yake moti chaka chake chimatha masiku 4 okha. Jupiter wathuyu amatenga zaka pafupifupi 12. Nthawi imeneyo akatswiri ambiri sankayembekeza kuti pulaneti yaikulu choncho ingakhale pafupi chotero, zinawasokoneza mitu zedi. Awiriwa analandira mphoto ya Nobel mu 2019. Pofika 2022 mapulaneti otsimikizika ozungulira nyenyezi zina anali atadutsa 5,000.

Kenako anayamba kuwaonetsa pa nsalu paja mmodzimmodzi, ndipo apa ndi pomwe anthu anasiya kusewera ndi mafoni. Ine imene inandigwira mtima ndi WASP-76 b. Ili pafupi kwambiri ndi nyenyezi yake moti mbali imodzi yokha ndi imene imayang'ana nyenyeziyo mpaka kalekale, ngati munthu woothera mbaula mu June, kumaso kukupsa kumsana kukuzizira, kusiyana kwake nkoti iyoyo singatembenuke. Mbali ya masanayo kutentha kumadutsa madigiri 2,400, chitsulo sichimangosungunuka ayi chimasanduka nthunzi, mphepo nkuitenga nthunziyo kupita nayo mbali ya usiku komwe kuli kozizirirako, cha m'ma 1,500, nde kumeneko chitsulo chija chimaundana kukhala madontho nkumagwa ngati mvula. Akatswiri anaona zizindikiro zake mu 2020 pogwiritsa ntchito telesikopu yaikulu ya ku Chile. Amayi ena amene anakhala pafupi nane anangogwira pakamwa. Aphunzitsi anawonjezera kanthu kena kamene sindinkadziwa, kuti mapulaneti onse a dzina loyamba ndi WASP anapezeka ndi makamera a pulojekiti imodzi, ndipo gulu limodzi la makamerawo lili konkuno ku Africa, ku Sutherland m'dziko la South Africa.

HD 189733 b ndi yabuluu ija ya pa kapepala. Munthu ukaiona umaganiza nyanja, koma nyanja kulibe, ndi pulaneti yampweya yotentha pafupifupi madigiri 1,000, ndipo mtunduwo akuti ukuchokera ku tizidutswa ta zinthu zomwe zimapanga galasi timene tili mumitambo yake. Mphepo yake anaiyeza kuti imathamanga makilomita oposa 8,000 pa ola, nde ngati kumagwa mvula yagalasi ndiye kuti imagwa chopingasa. Apa ndi pomwe ndinawapatsa ulemu aphunzitsiwa, chifukwa anasiyanitsa bwinobwino. Anati mtundu wabuluuwo anauyeza ndithu ndi telesikopu ya Hubble mu 2013, mphepoyo anaiyezanso, koma za mvula yagalasizo ndi zomwe akatswiri akuganiza potengera zomwe anayezazo, palibe kamera inakajambula dontho. Mavidiyo ambiri a pa TikTok ndi Facebook amangosakaniza zonse ngati anakafikako, iwowa ayi, chilichonse ankanena kuti ichi chinayezedwa, ichi nchongoganizira.

Enawo anangodutsamo mwachangu chifukwa nthawi inali itapita. KELT-9 b imene mbali yake ya masana imafika madigiri pafupifupi 4,300, kutentha kuposa nyenyezi zina. TrES-2 b yakuda bii imene imabweza kuwala kosakwana 1 peresenti. Kepler-16 b imene ikuzungulira madzuwa awiri nthawi imodzi. WASP-12 b imene nyenyezi yake ikuikoka mpaka kuitalikitsa uku ikuiyamwa mpweya pang'onopang'ono. Anatchulanso kuti mapulaneti oyambirira penipeni anapezeka mu 1992 ndi Aleksander Wolszczan ndi Dale Frail, akuzungulira chotsalira cha nyenyezi imene inaphulika kalekale, malo amene munthu sungayembekeze kupezako chilichonse. Ine ndikanakonda akanachepetsa mndandandawu nkukhalitsa pa awiri kapena atatu, chifukwa mayinawa ndi manambala okhaokha ndipo ana anayamba kusokoneza kuti uti ndi uti.

Tsopano pa telesikopu. Kunja kunali mdima wa bii, mlalang'amba ukuoneka mbee kudutsa pamwamba, ndipo anayamba nkutilozera Mtanda wa Kummwera ndi nyenyezi ziwiri zowala zimene zimaloza mtandawo. Yowala kwambiriyo ndi Alpha Centauri. Ndi maso ndi nyenyezi imodzi, koma nditaika diso pa galasi nkupotokola kachitsulo kowongolera mpaka chithunzi chitakhazikika, ndinaona madontho awiri owala ogundizana, lina lowala kuposa linzake, ndipo ukamayang'anabe amasuntha pang'onopang'ono kutuluka m'galasimo chifukwa dziko likuzungulira, aphunzitsi amachita kukankha chubu kuti awabwezeretse. Zimenezo zokha zinandikwanira ine. Anati nyenyezi ziwirizi zili ndi inzawo yachitatu yaing'ono yofiira, Proxima Centauri, imene ndi nyenyezi yapafupi kwambiri ndi ife ukachotsa dzuwa, koma ndi yozilala moti ndi maso simungaione. Imeneyo ili ndi pulaneti, Proxima b, imene inalengezedwa mu 2016, kulemera kwake koyandikira dziko lathuli, chaka chake masiku 11. Kuwala kumathamanga makilomita 300,000 pa sekondi imodzi koma kuchokera kumeneko kumatenga zaka 4 ndi miyezi ingapo kuti kufike kuno. Voyager 1, chombo chimene chinanyamuka mu 1977 ndipo chili kutali kuposa chombo china chilichonse chomwe anthu anatumiza, pa liwiro lake chingatenge zaka zoposa 70,000 kuti chiyende mtunda umenewo. Ndipo pamenepo ndiye pafupi penipeni.

Anatembenuzira chubu chakumpoto chakumadzulo kutionetsa 55 Cancri, kanyenyezi kooneka wamba, koma kali ndi pulaneti yamiyala yokula kawiri kuposa dziko lathu imene chaka chake sichikwana maola 18, ndipo akuganiza kuti pamwamba pake ndi miyala yosungunuka. Apa sitinakhalitse.

Pomwe tinakhalitsa ndi pa nyenyezi yomaliza, ndipo ndikuona kuti aphunzitsiwa amaisungira kumapeto dala. Anavutika nayo kuipeza chifukwa ndi maso siioneka, anachita kuyang'ana mapu a pa laputopu nkumadumpha kuchoka pa nyenyezi iyi kupita pa iyo m'gulu lotchedwa Vela, chakummwera, mpaka anati bwerani. Mkatimo munali tinyenyezi tingapo, nde amakuuza kuti yang'anani kapakatikati kowalirako pang'ono. M'mabuku a akatswiri ndi HD 85390. Koma mu 2019 bungwe la akatswiri a zakuthambo padziko lonse, International Astronomical Union, pokondwerera kuti lakwanitsa zaka 100 linapatsa mayiko oposa 100 mwayi woti dziko lililonse litche dzina nyenyezi imodzi ndi pulaneti yake. Anzathu a ku Zambia anapatsidwa iyiyi. Nyenyeziyo anaitcha Natasha, pulanetiyo anaitcha Madalitso.

Abale, anthu anakuwa. Panali anthu angapo amene anachokera cha ku Chipata kudzera pa Mwami, iwowo nde anaimirira nkumaomba m'manja, ndipo kamtsikana kena ka Fomu 2 kamene dzina lake linalinso Madalitso anzake anakakankhira kutsogolo kuti kaone koyamba. Kanayang'ana nthawi yaitali anthu akudikira osadandaula, kenako kanafunsa kuti aphunzitsi, nanga Madalitsoyo ali pati. Iwo anayankha kuti ali pompo pa kadontho mukuonako, wabisika mu kuwala kwa nyenyezi yake, anamupeza ndi njira yogwedera ija pa telesikopu ya ku La Silla ku Chile, ndipo amatenga zaka 2 ndi miyezi ingapo kuti azungulire kamodzi. Mtunda wake kuwala kumayenda zaka pafupifupi 110, kutanthauza kuti kuwala komwe kunkalowa m'diso la mwanayo kunanyamuka cha m'nthawi imene John Chilembwe ankaukira atsamunda mu 1915, Mchinji ino ikutchedwabe Fort Manning. Ine ndakhala ndikuwoloka malire amenewa kwa zaka kukagula ndi kugulitsa katundu koma sindinamvepo munthu akutchula nkhani imeneyi, olo pa wailesi olo kusukulu kwa ana anga, pomwe Madalitso ndi dzina lolembedwa movomerezeka ndipo ndi la chinenero chomwe timalankhula tsiku ndi tsiku mbali zonse ziwiri za malire. Pulanetiyo payokha si yachilendo kwenikweni poyerekeza ndi ya mvula yachitsulo ija, koma ndi imene anthu ankaikamba pobwerera.

Nthawi ya mafunso agogo ena amuna anafunsa funso lomwe tonse tinali nalo, kuti kodi kumeneko kuli anthu. Aphunzitsi sanazembe komanso sanakokomeze. Anati agogo, mpaka pano palibe pulaneti imene apezako chamoyo, ngakhale kachilombo. Anafotokoza za TRAPPIST-1, nyenyezi yaing'ono yofiira imene mu 2017 analengeza kuti ili ndi mapulaneti 7 amiyala okula mofanana ndi dziko lathuli, onse othithikana pafupi nayo moti wakutali kwambiri chaka chake ndi masiku pafupifupi 19, ndipo angapo mwa iwo ali pamtunda woti madzi akhoza kukhala osauma komanso osaundana. Koma kukhala pamtunda wabwino sikokwanira, pamafunikanso mpweya. Telesikopu ya James Webb imene inanyamuka pa 25 December 2021 ikutha kuyeza mpweya wa mapulaneti ena, mu 2022 inapeza carbon dioxide pa WASP-39 b, koma itayang'ana pulaneti yoyandikira kwambiri ya TRAPPIST-1 zinaoneka ngati ilibe mpweya wochuluka. Anawauzanso kuti akatswiri nawo amabweza mawu umboni ukasintha, monga pa nyenyezi yowala ya Fomalhaut pomwe mu 2008 analengeza kuti ajambula pulaneti, patapita zaka kadonthoko kanayamba kufalikira nkuzilala, mu 2020 ena anaonetsa kuti mwina unali mtambo wafumbi chabe wochokera ku zinthu zomwe zinagundana. Agogowo anagwedeza mutu nkunena kuti bola mwanena zoona mwana wanga.

Zovuta nazonso zilipo ndipo ndizinene chifukwa ena mukuchokera kutali, ku Mkanda kapena Kapiri. Choyamba kapepala kaja akasinthe, alembepo kuti zithunzizo ndi zojambula. Panali abambo ena amene anabwera ndi banja lonse nde atamva kuti pulaneti yabuluuyo saiona anakhumudwa kwambiri, ndipo ine sindikuwaimba mlandu chifukwa kapepalako kamalonjeza zomwe telesikopu singapereke. Tinayambanso mochedwa kuposa nthawi yolembedwa chifukwa ankadikira anthu ena, mapeto ake mbali ya mafunso inafupika pomwe ndi imene inali yokoma. Telesikopu ndi imodzi, anthu tinali ambiri, nde pa nyenyezi iliyonse umadikira nthawi yaitali kuti uone kwa kamphindi, ndipo ana akagunda chubu aphunzitsi amayambiranso kusaka. Akanakhala ndi munthu wowathandiza wogwira mzere komanso kulozera ena nyenyezi za maso pomwe akudikira, zikanayenda bwino kwambiri. Batire inatha tisanamalize, pulojekita nkuzima, mwamwayi zithunzi zambiri tinali titaona kale. Kavidiyo kena kamene anaonetsa kanali ka Chingerezi chothamanga, iwo ankamasulira pakamwa koma osakwanitsa kuyenderana nako, kuli bwino angokasiya chifukwa akamafotokoza okha m'Chichewa zimamveka kuposa kavidiyoko.

Vuto lina si la iwo ayi ndi la ife obwerafe, matochi a mafoni. Diso limafuna mphindi 20 kapena kuposa kuti lizolowere mdima, wina akangoyatsa foni kumaso kwako basi zayambiranso, ndipo kadontho ngati ka Natasha kamasowa. Ena ankalimbana kujambula pa galasi la telesikopu ndi foni, zosatheka, kumangochedwetsa mzere. Aphunzitsi ali ndi katochi kokutira ndi pepala lofiira kamene sikavutitsa maso, anapempha kangapo mwaulemu kuti mafoni alowe m'thumba koma ena osamva.

Mukamapita tengani jekete yokhuthala ndi chipewa, ana muwatengere bulangete, kuzizira kwa kumeneko usiku si kwamasewera ndipo mumakhala mutangoima. Mipando ndi yochepa, amasiyira agogo, enanu tengani mkeka kapena chitenje. Mkazi wa aphunzitsiwa amagulitsa tiyi ndi mbatata yootcha pamtengo wabwino, zimathandiza. Funsiranitu kuti mwezi umenewo kukuoneka nyenyezi ziti, chifukwa thambo limasintha ndi nyengo, Natasha ndi Alpha Centauri zimaoneka bwino madzulo a miyezi ya April ndi May mpaka kuchiyambi kwa June, pomwe 51 Pegasi ndi Fomalhaut ndi za madzulo a September ndi October, ngakhale nthawi imeneyo utsi wa moto wa m'tchire umachititsa thambo kukhala lachimbuuzi. Aphunzitsi a masukulu ozungulira, makamaka a Fomu 1 mpaka 4, ndingakulimbikitseni mugwirizane nawo tsiku lanu lapadera la gulu laling'ono, ana angapindule kwambiri kusiyana ndi Loweruka lodzaza.

Pa 10 ndikuwapatsa 8, ziwirizo ndachotsa chifukwa cha kapepala kosocheretsa ndi mzere wautali. Ndipo musaiwale kupangana ndi wa kabaza wanjinga yamoto musanatsike kuti adzakutengeni, chifukwa pomaliza usiku umakhala utapita ndithu ndipo pamsewu wa ku boma simupezanso minibasi.